Mpama ndi Nyika: Zakudya Zimene Sizifika pa Bwalo



Pa tsiku la mwambo ngati lino maso amakhuta msanga kuposa mimba. Ng'oma zikulira, mbiya za thobwa zandandalikidwa pamthunzi, ndipo m'misasa ya zionetsero amayi ayala zakudya za makolo: nsima ya mapira ndi ya mawere, nkhwani wotendera, chigwada, mfutso wa m'chikwatu, malambe ndi bwemba. Mlendo akazungulira misasayo amabwerera kwawo akukhulupirira kuti anthu akale a dziko lino ankadya mokhuta chaka ndi chaka. Komatu pali zakudya zina zimene sizifika pa bwalo, ngakhale kuti popanda izo ena mwa anthu amene akhala pansi pano sakadabadwa n'komwe, pakuti agogo awo akadatha ndi njala asanabereke. Ziwiri mwa izo ndi mpama ndi nyika. Sizikhala pa phwando, sizinyamulidwa popita ku chinkhoswe, ndipo banja limene lafika poti mpama ndiwo nsima yake kawirikawiri limadyera m'nyumba chitseko chili chotseka. Nkhani ya lero ndi ya zakudya ziwirizi, makamaka ya nzeru imene imasandutsa muzu wakupha kukhala chakudya.

Masiku ano liwu lodziwika ndi limodzi, njala, koma anthu a m'chigwa cha Shire ankasiyanitsa. Katswiri wa mbiri yakale Elias Mandala, m'buku lake la 2005 lotchedwa The End of Chidyerano, anaonetsa kuti njala inali mlendo wa chaka ndi chaka, wofika nkhokwe zikapepuka mbewu za m'munda zisanakhwime, pamene chaola chinali chinthu china: nyengo imene zinthu zaola, munda walephera ndipo ubale womwe wayamba kusweka. Iye anawerenga chaola kawiri m'chigwamo, cha 1862 mpaka 1863 ndi cha 1922 mpaka 1923. Choyambacho chinadza chilala chitakumana ndi nkhondo za ogwira akapolo, anthu atathawa minda yawo. Amishoni a UMCA, amene anamanga ku Magomero mu 1861 n'kutsikira kwa Chibisa chaka chotsatira, anaona ndi maso awo midzi ikutha, ndipo David Livingstone analemba za mitembo imene inkayandama mu Shire kudutsa pafupi ndi sitima yake. Nthawi imeneyo kunalibe boma logawa chimanga, kunalibe galimoto ya thandizo. Amene anapulumuka anapulumukira m'madimba a m'mbali mwa mtsinje, m'dambo ndi m'tchire.

Tchire la dziko lino si louma manja. Mvula yoyamba ikangogwa, bonongwe, luni, chisoso, denje ndi chewe zimamera zokha m'minda ndi m'mabwinja. Pa chulu pamatuluka ngumbi ndi utale. Masuku amapsa cha mu Novembala ndi Disembala, nthawi yomwe nkhokwe zayamba kuonetsa pansi. Koma zonsezi ndi ndiwo ndi zotolatola. Mmalawi akanena kuti wagona ndi njala satanthauza kuti m'kamwa mwake simunalowe kanthu; amatanthauza kuti sanaone nsima. Thupi la munthu wogwira khasu limafuna chakudya cha ufa, chopatsa mphamvu, ndipo kutchire ufa subisala m'masamba ayi. Umabisala pansi pa nthaka, m'mizu yonenepa imene chomera chimasungiramo chakudya chake chodutsira chilimwe. Chomeracho nacho sichifuna kuthyoleredwa nkhokwe. Nguluwe, nungu ndi anyani amakumba monga amakumbira munthu, chotero zomera zambiri za mizu yotere zimatchinjiriza chuma chawo ndi kuwawa ndi chiphe.

N'chifukwa chake banja silithamangira ku mpama tsiku loyamba. Limayamba ndi kuchepetsa: nsima kamodzi pa tsiku, kenaka phala m'malo mwa nsima, kenaka gaga amene dzana ankapatsa nkhumba ndi nkhuku. Abambo amapita kukasuma kapena ku ganyu, mbuzi zimagulitsidwa pa mtengo wolira, wailesi ndi njinga zimatsatira. Mango osakhwima amawiritsidwa, mizu ya nthochi imakumbidwa n'kusinjidwa. Zikatha izi mpamene amayi amatenga khasu ndi dengu m'mbandakucha, kulunjika ku phiri.

Mpama ndi mbale wake wa chilazi chimene ena amabzala kuseri kwa nyumba. Akatswiri a zomera amaika zonsezi m'gulu limodzi lalikulu lotchedwa Dioscorea, ndipo dzina loti mpama limavala zilazi zakutchire zingapo, osati chimodzi. Ngozi yoyamba yagona pamenepa, pakuti zilazizo sizilingana ukali. Chilipo china cha masamba atatu pa kaphesi kamodzi, cha tsinde laminga loyanga m'mitengo, cha mizu yobadwa mothithikana pamodzi, yachikasu m'kati. Chilipo china cha tsamba limodzi lotambalala ngati la kholowa, chimene chimabala timbatata m'mwamba, pamene tsamba lakumana ndi tsinde. Cha masamba atatucho alimi a ku Cameroon ndi ku Nigeria anachiweta kalekale, nasankha mbewu zosawawa zimene amalima m'minda mpaka lero. Kuno chinatsala chakutchire, ndi ukali wake wonse.

Kuupeza mpama ndi luso palokha. M'dzinja umaonekera patali chifukwa cha masamba ake, koma nthawi imeneyo muzu wakale umakhala utapereka chakudya chake ku tsinde latsopano. Muzu umanenepa masamba akamayandikira kufota, ndipo pofika m'chilimwe, pamene banja limene silinakolole likuufuna, pamwamba pamangotsala kachingwe kouma kolendewera pa chitsamba, kamene moto wolusa ukadutsa sikatsalanso. Wokumba ayenera kukazindikira kachingweko pakati pa zingwe zina zambirimbiri, kukatsatira mpaka pamene kalowera m'nthaka, ndi kukumba pansi pouma gwa, kawirikawiri pakati pa miyala, mimba ili pululu. Wochenjera amakhala atauona mpamawo miyezi yapitayo, popita ku nkhuni kapena ku bowa, nasunga malowo mumtima osauza aliyense. Muzuwo uli ndi mutu, pamene tsinde limaphukira. Mutuwo ukabwezeredwa m'dzenje n'kukwiriridwa, mvula ikagwa umaphukanso. Wozula zonse amadya lero, koma phirilo amalisiya lopanda kanthu kwa wobwera chaka chamawa, amene mwina ndi iye yemwe.

Kukumba ndi chiyambi chabe. Mu mpama wowawa muli chiphe chimene asayansi amachitcha dioscorine, pamodzi ndi zinzake za mtundu womwewo, ndipo chimagwira mitsempha ndi ubongo. Wodya mpama wosakonzedwa bwino amayamba kumva kutentha kukhosi, chizungulire, nseru ndi kusanza. Zikakula amanjenjemera, amaphupha ngati wakhunyu, amabanika, ndipo akhoza kutsirizika tsiku lomwelo. Mwana amagwa msanga kuposa wamkulu chifukwa thupi lake n'laling'ono, ndipo mwana wa chaka cha njala amakhala wofooka kale. Moto wokha suchithetsa chiphechi. Kuwotcha mpama pa makala ngati mbatata ndi kudziitanira maliro. Chimene chimachichotsa ndi madzi, pakuti chimasungunuka m'madzi, ndipo luso lonse la makolo pa nkhaniyi linamangidwa pa mfundo imodzi imeneyi, ngakhale kuti dzina lachizungu la chiphecho sanalimvepo.

Muzu umasendedwa n'kuduladulidwa tizidutswa topyapyala, chifukwa chidutswa chochindikala chimasunga chiphe pakati pake pamene madzi safika. Kumene kuli mtsinje woyenda, tizidutswato timaikidwa m'dengu n'kumizidwa, mwala pamwamba, kwa masiku angapo, kuti madzi odutsa azitsuka usana ndi usiku. Kumene mtsinje waphwa, ndipo chaka cha chilala mitsinje yambiri imaphwa, ntchito yonse imagwera mphika: kuwiritsa, kutaya madzi, kuthira ena, kuwiritsanso, mobwerezabwereza kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Atolankhani amene anayendera midzi ya ku Chikwawa mu 2024 anapeza amayi akuphika mpama kwa maola 8 asanayerekeze kupatsa ana. Madzi otayidwawo ndiwo anyamula imfa, chotero sakhuthulidwa pamene nkhuku, mbuzi kapena mwana wokwawa angafike. Lilime limathandiza, pakuti kuwawa kukatsala ndiye kuti ntchito sinathe. Koma lilime si mboni yokwanira, makamaka la munthu amene wagona ndi njala masiku atatu, limene limavomereza chilichonse.

Apa ndiye pagona nkhani. Luso la mpama ndi luso la kudikira, ndipo kudikira ndicho chinthu choyamba chimene njala imalanda munthu. Mayi amene ana ake akulira m'mbali mwa mafuwa, nthunzi ya chakudya ikutuluka mumphika, amafunika kulimba mtima koposa msilikali kuti ataye madzi kachisanu n'kunena kuti sichinapse. Imfa za mizu yakutchire sizichokera ku umbuli wokha. Zina zimachokera ku kufupikitsa: maola awiri ochotsedwa, tsiku limodzi lodumphidwa, chifukwa mwana wakomoka kapena nkhuni zatha.

Umboni wake uli kwa anansi a ku Mozambique, ngakhale kuti kumeneko chinali chinangwa cholimidwa osati muzu wakutchire. Chinangwa chowawa chili ndi chiphe cha cyanide, ndipo aliyense wa ku Nkhotakota kapena ku Nkhata Bay amadziwa kuti chisanasanduke kondowole chimayamba chagona m'madzi masiku angapo. Ku Nampula mwambo wake unali wochiyanika pa dzuwa nthawi yaitali. Mu 1981 chilala chinagwa m'chigawocho, mbewu zina zinapserera, chinatsala chinangwa chowawa, ndipo anthu anayamba kuchidya chisanaume mokwanira. Anthu oposa 1,000, ambiri mwa iwo amayi ndi ana, anapuwala miyendo mwadzidzidzi ndi nthenda imene kumeneko anaitcha mantakassa, imene madokotala amaitcha konzo, ndipo kupuwala kwake sikuchira. Anthuwo chinangwa ankachidziwa kuyambira ali ana. Chimene chinawasowa ndi masiku.

Alhomwe a ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo ali ndi phunziro lomweli mu kalongonda, nyemba imene imaphikidwa tsiku lathunthu madzi akusinthidwa, apo ayi imazunguza mutu. Chodabwitsa n'chakuti kalongonda ndi chitedze, chija choyabwa chimene aliyense amachilambalala kutchire, kwa akatswiri ndi chomera chimodzi, Mucuna pruriens: kalongonda ndiye woweta, chitedze ndicho chakutchire. Pamene manyuzipepala analemba m'zaka zaposachedwapa kuti mabanja ena a ku Machinga akudya chitedze, anthu a m'tauni anagwira pakamwa, osadziwa kuti amayiwo anangotenga luso la kalongonda n'kulisenzetsa mbale wake wolusa.

Nyika ndi nkhani ina. Iyo ilibe ukali wa mpama. Ngozi yake ili pa malo pamene imamera. Ndi muzu wa kakombo wa m'madzi, duwa lija loyandama pakati pa masamba ozungulira ngati mbale, ndipo imachuluka m'madambo a Shire, ku Elephant Marsh pakati pa Chikwawa ndi Nsanje ndi ku Ndindi kumunsi kwa Nsanje. Masamba ali pamwamba, muzu uli m'matope pansi. Woufuna amapita pa bwato n'kutsikira m'madzi, kufufuza ndi mapazi, kapena kumira ndithu n'kuuzula ndi manja. Madziwo ndi a ng'ona ndi mvuu, ndiponso a misundu ndi likodzo, ndipo zaka za njala m'chigwamo zimabwera ndi nkhani za anthu ogwidwa ndi ng'ona akusaka nyika. Ikafika kunyumba imawiritsidwa n'kusendedwa, kapena imayanikidwa n'kusinjidwa kuti ikhale ufa. Zaka zabwino ena amaidya mongokonda, ndipo imapezeka pa misika ya m'chigwa itaunjikidwa timilu. Zaka zoipa kuchuluka kwa timiluto kumauza munthu wodutsa mmene zinthu zilili m'midzi, lipoti la boma lisanatuluke. Mu 2017 dambo la Elephant Marsh linalembedwa m'kaundula wa madambo ofunika pa dziko lonse motsatira pangano la Ramsar. Okonda mbalame amalitamanda chifukwa cha mbalame zake. Anthu a m'mbali mwake akadafunsidwa akadatchula chifukwa china, kuti ndilo nkhokwe yawo yomaliza.

Amene ankasunga nzeru zimenezi akuonekera bwino m'njala ya 1949. Mvula inayamba kumapeto kwa 1948, kenaka inadula kwa masabata angapo mbewu zili zanthete, ndipo madera a Lunzu ndi Lirangwe m'boma la Blantyre anali m'gulu la amene anapsa koposa. Boma la atsamunda, bwanamkubwa ali Geoffrey Colby, linaitanitsa chimanga kunja ndi kutsegula malo odyetserako anthu, ndipo linawerenga anthu pafupifupi 200 kuti ndiwo anafa ndi njala, chiwerengero chimene olemba mbiri amati n'chochepa kuposa zimene zinachitikadi. Megan Vaughan, amene anacheza ndi opulumuka n'kutulutsa buku la The Story of an African Famine mu 1987, anapeza kuti amuna ndi akazi ankaikumbukira njalayo mosiyana. Amuna ankasimba za maulendo aatali okasuma. Akazi, m'nyimbo zawo za pamtondo, ankasimba za amuna amene anapita osabweranso, ena atakakwatira kumene kunali chakudya. Otsala pamudzi ndi ana, okalamba ndi odwala anali amayi, ndipo khasu ndi mphika zinali m'manja mwawo.

Sizodabwitsa tsono kuti sukulu ya mpama inali ya agogo aakazi. Inalibe tsiku lotsegulira kapena belu. Mtsikana ankaphunzira akuperekeza agogo ake ku nkhuni: ichi ndi chakuti, ichi chimafanana nacho koma sichidyedwa, ichi chimafuna madzi kangapo. Phunzirolo linkaperekedwa chaka cha zokolola zambiri, mimba zili zokhuta, kuti lidzagwire ntchito mwina patapita zaka 20, wophunzitsayo atagona kale kumanda. Akale anati safunsa anadya phula. Pa nkhani ya mpama wosafunsa amadya choposa phula.

Chingwe chimenecho chakhala chikuduka, ndipo choyamba kuchidula ndi nthawi. Pakati pa 1949 ndi 2002 panadutsa zaka 53, ndipo ngakhale chilala cha 1992 chinali choopsa, chimanga chachikasu cha thandizo chinafika m'midzi yambiri. Mbadwo wathunthu unakula ukumva za mpama ngati nthano ya pamoto. Pamene njala inabwerera kumayambiriro kwa 2002, chimanga cha m'nkhokwe za boma chitagulitsidwa, ndipo pulezidenti Bakili Muluzi n'kulengeza mu Febuluwale kuti dziko lili pa ngozi, anthu ambiri analowa m'tchire ndi njala ya agogo awo koma opanda maso a agogowo, ndipo kunamveka nkhani za anthu odwala ndi omwalira atadya mizu yosaidziwa bwino.

Manyazi nawo adula mbali yawo. Njala ikatha palibe amene amafuna kukumbukiridwa ngati wa m'banja lija linkadya mpama, chotero mayi amene anapulumutsa ana asanu ndi luso lake amalibisa lusolo ngati chilema, pamene akadayenera kuimbiridwa nthungululu. Mwana wa sukulu amaloweza magulu 6 a zakudya, ndipo n'zabwino. Koma akafunsidwa kusiyanitsa tsinde la mpama ndi la chomera china choyanga, ambiri amangoyang'ana pansi. Ndiye palinso tchire lenilenilo, limene likutha ndi makala ndi minda yatsopano, moti m'madera ena mitengo yachilengedwe yatsala kumanda kokha, kumene munthu sakumbako chakudya. Kutha kwa mitengo kumalasa kawiri: mpama umasowa poyanga, ndipo mphika wa maola 8 umasowa nkhuni. Chiphe chimatuluka ndi madzi ambiri ndi moto wautali, ndipo chaka cha chilala ndicho chaka chimene mjigo uli ndi mzere wautali wa zigubu. Mayi wa lero angathe kudziwa zonse zimene agogo ake ankadziwa, koma n'kusowa zochitira.

Pasakhale wina womva nkhaniyi ngati chitamando cha umphawi. Mpama si chakudya chabwino. Ukasukuluka m'madzi nthawi yonseyo umatsala wodzaza mimba chabe, wosakwanira kukuza mwana, ndipo mphamvu imene wokumba wataya pa phiri nthawi zina siibwerera yonse ndi zimene wabwera nazo m'dengu. Pamene pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza pa 23 Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño, patangotha chaka namondwe wa Freddy atasakaza chigawo cha kummwera, mayi wokumba mpama ku Chikwawa sanali kusunga chikhalidwe ayi. Anali kusowa chimanga, m'chigwa chimene mtsinje waukulu wa dziko lino umadutsa ndipo minda ya nzimbe imathiriridwa chaka chonse. Limenelo ndi funso la atsogoleri, ndipo mpama sungawayankhire. Koma kufikira tsiku limene funsolo lidzayankhidwe, mayiyo adzapitabe ku phiri, kaya akudziwa kaya sakudziwa, ndipo n'kwabwino kuti apite akudziwa. Adziwenso ichi, chimene makolo analibe mwayi wochichita: wina akayamba chizungulire ndi kusanza atadya, si nthawi yodikira kuti kuche kapena yofufuza amene walodza. Ndi nthawi yothamangira kuchipatala, atanyamula chotsala cha chakudyacho ndi muzu wosaphika kuti madokotala auone, pamodzi ndi onse amene anadya nawo, ngakhale amene akuoneka kuti ali bwino.

Zolembedwa zilipo, koma zambiri zili m'Chingerezi. Jessie Williamson, amene anagwira nawo ntchito ya kafukufuku wa kadyedwe m'midzi ya boma la Nkhotakota kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, anasonkhanitsa mayina ndi ntchito za zomera m'buku la Useful Plants of Nyasaland la 1955, limene pambuyo pake linakonzedwanso ndi kutuluka ndi dzina loti Useful Plants of Malawi. Bukulo ndi chuma, ndipo zambiri za m'menemo zinachokera pakamwa pa anthu a m'midzi. Koma buku silingalowe m'malo mwa chala cholozera. Dzina limodzi limatha kutchula zomera ziwiri m'maboma awiri, ndipo chomera chimodzi chimatha kukhala ndi mayina atatu. Munthu wotenga kaphikidwe ka ku Ntcheu n'kukakagwiritsa ntchito pa muzu wa ku Mangochi, chifukwa choti dzina ndi lomwelo, akhoza kuika banja lonse m'manda. Nkhani ino nayonso isatengedwe ngati malangizo a kaphikidwe. Muzu uliwonse uli ndi masiku ake, ndipo amadziwa masikuwo ndi anthu a pamalo pamene muzuwo umamera.

Ntchito imene bungwe losunga chikhalidwe lingaigwire bwino kuposa ofesi iliyonse ili pomwepa, pakuti mafumu amawadziwa agogo a m'midzi yawo mmodzimmodzi, ndipo agogo amatsegulira chitseko munthu wotumidwa ndi mfumu. Mtsikana amene anali ndi zaka 10 mu 1949, wamkulu mokwanira kusenza dengu kumbuyo kwa amayi ake, anabadwa mu 1939. Otsala a msinkhu umenewo ndi owerengeka, ndipo amene anaphunzira kwa iwo mu 2002 nawonso imvi zayamba. Mafunso ofunika si achisawawa aja oti kale kunkadyedwa chiyani, koma enieni: dzina la chomera m'chilankhulo cha pamudzipo, phiri kapena khwawa limene chimamera, mwezi wokumba, maonekedwe a tsamba ndi a tsinde louma, chomera china chofanana nacho chimene sichidyedwa, kuchindikala kwa chidutswa, masiku a m'madzi, madzi kutaya kangati, ndi zimene iwo anaona pa munthu amene anafulumira kudya. Achinyamata ali ndi mafoni ojambula mawu ndi zithunzi, ndipo zojambulazo zingasungidwe pamodzi ndi za magule ndi mbiri ya maufumu.

Agogo ambiri sadzayankha pa gulu, chifukwa cha manyazi aja, ndiponso chifukwa nkhani ya mpama imadzutsa mayina a ana amene anaikidwa chaka chimenecho. Wofunsa apite madzulo ntchito zitatha, akhale pansi pa mkeka, alole agogo kuyamba ndi nkhani imene iwo akufuna. Ndipo ngati miyendo yawo ikadali ndi mphamvu, awaperekeze ku phiri mu Epulo kapena Meyi masamba asanafote, kuti aone chomeracho chili chamoyo, n'kubwererakonso mu Okutobala kukaphunzira kuchizindikira chitauma.